Takana Bodza: Chilengezo cha Atolankhani a M'badwo Uno

Ife amene tikulengeza izi ndife atolankhani. Ena timalembera nyuzipepala za mu Blantyre ndi Lilongwe. Ena timawerenga nkhani pa wayilesi zazing'ono za m'maboma, kumene magetsi akathima pulogalamu imathera pomwepo. Ena tikadali m'kalasi kuphunzira ntchitoyi, ndipo ena zida zathu zonse ndi foni ndi tsamba la pa Facebook. Palibe chipani chimene chatituma, palibe bwana amene watiitana. Chatisonkhanitsa ndi mawu amene timawamva m'minibasi, pachigayo ndi pamaliro, akuti: "Atolankhani ndi abodza." Mawuwa amatilasa mtima, ndipo amatipweteka kwambiri chifukwa tikudziwa kuti nthawi zina owanenawo salakwa.

Chuma cha mtolankhani n'chimodzi chokha, kukhulupiridwa. Mayi wa ku Ntchisi amene watchera khutu pa wayilesi yake sangapite ku Capital Hill kukaona yekha ngati ndalama zogulira mankhwala zatuluka. Bambo wa ku Nsanje sangalowe m'Nyumba ya Malamulo kukamva zimene phungu wake wanena. Adatituma ife. Maso amene timaonera ndi awo, makutu amene timamvera ndi awo. Tikawanamiza, tawabera chinthu chimene adatisungitsa.

DZIKO LINO BODZA LIDALIONA NDI MASO

Mu Meyi 1983 Amalawi adauzidwa kuti nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, a David Chiwanga, amwalira pa ngozi ya galimoto m'boma la Mwanza. Wayilesi inali imodzi, nyuzipepala zinkaimba nyimbo imodzi, ndipo nkhaniyo idatuluka monga mmene eni mphamvu adaifunira. Anthu adangonong'onezana kuseri kwa zitseko. Padadutsa zaka zoposa khumi kufikira pamene komiti yofufuza, motsogozedwa ndi Justice Harry Mtegha, idapeza kuti anthu anayiwo adachita kuphedwa ndi apolisi, ndipo mitembo yawo idaikidwa m'galimoto imene idakankhidwira kuphompho pa msewu wa ku Thambani kuti zioneke ngati ngozi. Zaka zonsezo akazi amasiye ndi ana adasenza mitolo iwiri, imfa ya okondedwa awo ndi bodza lophimba imfayo.

Sitikuloza chala akuluakulu athu amene ankagwira ntchitoyi masiku amenewo. Kulemba choonadi kunali kudzikumbira manda. Atolankhani ena adatsekeredwa m'ndende osazengedwa mlandu. Mtolankhani Mkwapatira Mhango adaphedwa ku Lusaka mu 1989 pamodzi ndi a m'banja lake, nyumba yawo itaponyedwa moto. Nyuzipepala zitatsekedwa pakamwa, choonadi chidadzera kuguwa: pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, ndipo idanena poyera zimene aliyense ankadziwa koma wosazitchula. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ulamuliro wa zipani zambiri, nyuzipepala zatsopano zidaphuka ngati bowa, ndipo gawo 36 la Malamulo Aakulu a dziko lino lidapatsa atolankhani ufulu wolemba ndi kufalitsa nkhani momasuka.

Ufuluwo sudathetse chilakolako chonamiza mtundu. Pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adamwalira, koma Amalawi adauzidwa kuti atengeredwa ku South Africa kukalandira chithandizo. Imfayo idalengezedwa pa 7 Epulo. Ulendo uno bodzalo lidakhala masiku awiri okha, chifukwa panali wayilesi ndi nyuzipepala zoima pazokha zimene zinkafunsa mafunso, komanso Amalawi amene ankazikhulupirira. Bodza la ku Mwanza lidakhala zaka zoposa khumi, la 2012 masiku awiri. Kusiyana kumeneku ndiye phindu la utolankhani womasuka ndi wodalirika, ndipo n'kumene tikukugulitsa motchipa tikamanama.

Amene adaulutsa bodza mu 1983 anali ndi mfuti pakhosi. Nanga ife tikanama lero, tili ndi chiyani pakhosi?

BODZA LA MASIKU ANO

Tiyambe ndi chipondamthengo. Kale mawuwa ankatanthauza kangachepe kopatsa sing'anga asanalowe m'tchire kukakumba mankhwala. Lero ndi dzina la envelopu imene mtolankhani amalandira msonkhano ukatha. Amati ndi ya thiransipoti, ya lanchi, ya mayunitsi. Ambiri a ife tidalandirapo, ndipo sitibisa. Tidasaina dzina papepala, tidapinda ndalamazo n'kuika m'thumba, ndipo titakhala pansi kuti tilembe, funso lovuta lija tidalisiya m'kope. Palibe amene adatiuza kuti tiname. Manyazi okha adatigwira dzanja. Tidalemba zimene nduna kapena mkulu wa kampani adanena, osalemba kuti mjigo umene adatsegulira ndi chimwemwe udasiya kutulutsa madzi mwezi usanathe. Liwu lililonse m'nkhaniyo linali loona, koma nkhani yonseyo inali yabodza.

Tikudziwa kumene chipondamthengo chimachokera. Alipo atolankhani amene malipiro awo safika pakati pa mwezi. Alipo otolera nkhani m'maboma amene amalipidwa pa nkhani imene yatuluka basi, ndipo ena amagwira chaka chathunthu akutchedwa ophunzira ntchito, osalandira kanthu. Njala yawo ndi yeniyeni. Koma njala ya mtolankhani siisandutsa bodza kukhala choonadi, ndipo amene amalipira mtengo wa bodzalo ndi munthu wosauka kuposa mtolankhaniyo.

Bodza lachiwiri ndi la liwiro. Uthenga ukagwa pa gulu la WhatsApp, aliyense amafuna akhale woyamba. Talengezapo imfa za anthu ali moyo, abale awo n'kuyamba kulira. Taikapo zithunzi za ngozi ya dziko lina ngati yachitika pa Zalewa. Makolo adachenjeza kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa, koma ife tasandutsa kandimverere kukhala njira yogwirira ntchito.

Bodza lachitatu limabisala m'timawu ting'onoting'ono: "akuti," "zamveka kuti," "yemwe sanafune kutchulidwa dzina." Timawu timeneti tili ndi ntchito yake yabwino, poteteza munthu amene angachotsedwe ntchito kapena kuphedwa chifukwa choulula katangale. Koma ena a ife timatigwiritsa ntchito ngati chitseko cholowetsera mphekesera, ngakhalenso anthu ongopeka. Nthawi yotsekera nyuzipepala ikayandikira, mlimi amene sitidakumane naye amayankhula m'nkhani yathu, katswiri amene sitidamuimbire foni amathirira ndemanga. Pamwamba pake timaikapo mutu wa nkhani wokuwa kuposa zimene zili m'kati, podziwa kuti ambiri amawerenga mutu wokha.

Bodza lachinayi ndi la chipani. Alipo atolankhani amene amavala malaya a chipani m'kati mwa jekete. Wakuba wa kwawo amamutcha wozunzidwa, wakuba wa kwina amamutcha chigawenga. Maboma asinthana kuyambira 1994, koma dandaulo loti wayilesi ya boma imakondera chipani cholamula silidathe, ndipo m'nyumba zofalitsa nkhani zoima pazokha namonso mwini wake kapena wotsatsa malonda wamkulu amatha kupha nkhani ndi foni imodzi.

ZIPATSO ZA BODZA

Bodza louluka pa wayilesi limapha. Ku Rwanda mu 1994 wayilesi ya RTLM idatcha Atutsi mphemvu, idatchula mayina a anthu ndi malo amene adabisala, ndipo nyuzipepala ya Kangura idali itafesa kale chidani kwa zaka zingapo. Anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa m'masiku pafupifupi 100. Mu Disembala 2003 khoti la mayiko onse ku Arusha lidapeza Ferdinand Nahimana, Jean-Bosco Barayagwiza ndi Hassan Ngeze olakwa chifukwa cha zimene zidaulutsidwa ndi kusindikizidwa. Dziko lonse lidaphunzira kuti maikolofoni akhoza kunola zikwanje.

Tisaganize kuti zimenezo n'zakutali. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zidayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu osachepera asanu ndi anayi adaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Azaumoyo adaopa kulowa m'midzi, ndipo mlendo aliyense wonyamula chikwama adasanduka mdani. Mphekeserazo sizidayambidwe ndi atolankhani, koma zidatiika pamayeso. Aliyense wa ife amene adabwereza mawu akuti "akuti apopedwa magazi" osafunsa dokotala, osafunsa umboni, adathira nkhuni pamoto umene udatentha anthu osalakwa. Madzi akatayika saoleka. Wophedwa chifukwa cha mphekesera sadzuka tikapepesa.

Bodza limadyanso mwini wake. Mu 1980 nyuzipepala ya Washington Post idasindikiza nkhani ya mtolankhani wake Janet Cooke yonena za mwana wa zaka zisanu ndi zitatu wogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Nkhaniyo idapata mphotho ya Pulitzer mu 1981, koma patangopita masiku ochepa zidadziwika kuti mwanayo kunalibe. Mphotho idabwezedwa ndipo Cooke ntchito idamuthera. Mu 2003 nyuzipepala ya New York Times idaulula yokha kuti mtolankhani wake Jayson Blair ankapeka ndi kuba nkhani, akulemba ngati ali kumalo kumene sadapiteko. Iye adachoka, ndipo akonzi awiri akuluakulu, Howell Raines ndi Gerald Boyd, adatula pansi maudindo. Mu 2018 magazini ya Der Spiegel ya ku Germany idavomereza kuti Claas Relotius, mtolankhani wake wolandira mphotho zambiri, adapeka anthu ndi zochitika m'nkhani zochuluka. Pafupi ndi kwathu kuno, mu Juni 2021, nyuzipepala ya Pretoria News idalengeza kuti mayi wina wa ku Tembisa wabereka ana khumi nthawi imodzi. Nkhaniyo idazungulira dziko lonse, anthu adayamba kusonkha thandizo, koma boma la chigawo cha Gauteng lidafufuza m'zipatala osapeza ana amenewo. Mlandu suola. Wabodza amayenda nalo bodza lake mpaka tsiku limene lidzamugwetse.

Chowawa kwambiri n'choti wabodza sagwa yekha. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mu 2013 atolankhani a dziko lino adalondoloza nkhani ya Cashgate mpaka Amalawi adadziwa mmene mabiliyoni a misonkho yawo adatulukira ku Capital Hill. Ntchito yotere imalimba pokhapokha anthu akamakhulupirira wolembayo. Bodza lililonse limene timatulutsa limapatsa wakuba chishango, chifukwa tsiku limene tamugwira ndi umboni m'manja amangoti: "Mwaiwala kuti atolankhani ndi abodza?" Limapatsanso olamula chifukwa chobweretsera malamulo otimanga pakamwa. Mnzathu wolemba zoona akamangidwa n'kusowa anthu omuimira pakhomo la polisi, tidziwe kuti mbali ina ya unyolowo tidaisula tokha.

ZIMENE TIKULONJEZA

Chifukwa cha zonsezi, ife tikulumbira pamaso pa Amalawi kuti:

1. Sitidzapeka munthu, mawu, chiwerengero kapena chochitika. Amene wayankhula m'nkhani yathu ndi munthu amene alipo, ndipo mawu amene tamuikira ndi amene adatuluka m'kamwa mwake.

2. Sitidzalandira chipondamthengo. Ngati bungwe latinyamula pa galimoto yake kapena latilipirira malo ogona kuti tikafike kumene kuli nkhani, tidzauza owerenga ndi omvera athu poyera.

3. Nkhani yoipitsa mbiri ya munthu sitidzaitulutsa ndi umboni wa pakamwa pamodzi. Tidzafuna wachiwiri wosagwirizana ndi woyambayo, kapena chikalata chimene tachiona ndi maso athu.

4. Aliyense amene tikumunena tidzamupatsa mpata woyankha, ndi nthawi yokwanira kuti ayankhe. Kuimba foni kamodzi nkhani itatsala pang'ono kutuluka, kenako n'kulemba kuti sadapezeke, ndi bodza.

5. Imfa ya munthu sitidzailengeza tisanatsimikize ndiponso abale ake asanauzidwe. Mwana, wogwiriridwa ndi wodwala tidzawasungira ulemu wawo.

6. Chithunzi, kanema kapena uthenga wa mawu wa pa intaneti sitidzaufalitsa tisanadziwe amene adajambula, malo ake ndi tsiku lake. Masiku ano kompyuta imatha kupanga nkhope ndi mawu a munthu, choncho kuona kokha sikukwanira.

7. Wotipatsa nkhani mobisa tidzamuteteza ngakhale zitavuta, koma mkonzi wathu adzamudziwa, ndipo sitidzalola munthu kubisala kumbuyo kwathu kuti agende mdani wake.

8. Nkhani ikhale nkhani, maganizo akhale maganizo, malonda akhale malonda. Cholipiridwa tidzachilemba kuti n'cholipiridwa.

9. Tikalakwitsa tidzavomereza msanga, pamalo pomwe tidalakwitsirapo. Cholakwa cha patsamba loyamba sichikonzedwa ndi timalemba ting'onoting'ono m'kati mwa nyuzipepala, ndipo cholakwa cha pa intaneti sichifufutidwa mwakachetechete.

10. Muyeso wathu udzakhala umodzi kwa chipani cholamula ndi chotsutsa, kwa wakumpoto, wapakati ndi wakummwera, kwa mpingo wathu ndi wa anzathu. Nkhani ya m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe kapena Chisena tidzaisamala mofanana ndi ya m'Chingerezi, chifukwa womvera wa kumudzi sayenera kudya zotsalira.

11. Mnzathu akanama sitidzamubisa. Tidzamudzudzula maso ndi maso, ndipo akakana kumva tidzapita naye kwa mkonzi ndi ku Media Council of Malawi. Wakutsina khutu ndi mnansi.

ZIMENE TIKUPEMPHA

Kwa eni nyumba zofalitsa nkhani: lipirani antchito anu malipiro oti munthu n'kukhalira moyo, ndipo muwapatse ndalama zoyendera. Mukatumiza mtolankhani kumsonkhano wopanda ndalama ya basi, mwamutuma kukapempha, ndipo wopempha safunsa mafunso. Chotsani manja anu pa tebulo la mkonzi.

Kwa akonzi, makolo athu pa ntchitoyi: tifunseni mafunso ovuta nkhani isanatuluke. Funso loti "wadziwa bwanji?" lisasowe pakamwa panu. Mwana amene wakana envelopu muimireni kumbuyo, ndipo amene wabwera ndi nkhani mochedwa chifukwa ankatsimikiza musamulange.

Kwa boma ndi maofesi ake onse: lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zikalata ndi mfundo za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Litsateni. Ofesi ikatseka pakamwa, mphekesera ndiyo imayankhula. Lamulo la za pa intaneti la 2016 lisasanduke chibonga chokwapulira olemba zoona. Amene walakwiridwa ndi nkhani ali ndi Media Council, ali ndi makhoti a milandu ya chipukutamisozi. Wayilesi ndi kanema wa boma ndi wa Amalawi onse okhoma msonkho, mumasuleni.

Kwa mabungwe, makampani ndi andale: lekani kukonza maenvelopu. Ngati ntchito yanu ndi yabwino, tidzailemba ulere. Ngati ndi yoipa, palibe ndalama imene idzatitseke pakamwa. Musachotse malonda anu m'nyuzipepala chifukwa yalemba zoona zokuwawani.

Kwa MISA Malawi, Media Council of Malawi ndi sukulu zonse zophunzitsa utolankhani: pitirizani kutiteteza tikamazunzidwa, koma mutidzudzulenso ndi mphamvu yomweyo tikalakwa. Chaka chilichonse pa 3 Meyi timakondwerera ufulu wa atolankhani, tsiku limene lidabadwira muno mu Africa, ku Windhoek mu 1991. Tsiku limenelo likhalenso lodziyang'ana pagalasi.

Kwa inu owerenga ndi omvera: foni ili m'manja mwanuyo yakusandutsani ofalitsa nkhani nanunso. Uthenga ukakufikani wotentha, imani kaye. Dzifunseni amene wanena, mmene wadziwira, ndi amene apweteke ukakhala wabodza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikanama, tiimbireni foni pa wayilesi, tilembereni kalata, titchuleni dzina. Tikalemba zoona zokhudza chipani chanu kapena mtsogoleri wa kwanu, musatigende. Ndipo ngati mungathe, gulani nyuzipepala, thandizani wayilesi ya m'dera lanu, chifukwa mtolankhani amene amadyetsedwa ndi owerenga amatumikira owerenga.

BWERANI TIYENDE LIMODZI

Gulu lino lilibe khadi la umembala, lilibe mpando wolimbirana. Membala ndi aliyense amene wawerenga malonjezo khumi ndi limodziwa n'kunena mumtima mwake kuti ndi ake. Tikudziwa kuti njirayi ndi yaminga. Ena tidzabwerera kunyumba wapansi tsiku limene anzathu akwera takisi. Ena tidzasiya kuitanidwa kumisonkhano. Ena nkhani zathu zidzaphedwa, ena ntchito idzatithera. N'chifukwa chake sitikuyenda mmodzimmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Wokana envelopu ali yekha amasekedwa, koma tikakana makumi awiri pa msonkhano umodzi, wokonza maenvelopu ndiye amachita manyazi.

Anzathu a ku Chipata, a ku Tete, a ku Harare, a ku Johannesburg ndi a ku London amene mumalemba ndi kuulutsa mawu m'chinenero chathu, chilengezochi n'chanunso, pakuti bodza loyambira pa foni imodzi silifunsa pasipoti pamalire.

Ufulu umene tikulembera lero adaulipira anthu ena ndi ndende, ndi kuthawa kwawo, ndi magazi. Sadavutike kuti ife tiugulitse ndi ndalama ya lanchi. Mnzathu mtolankhani, tenga malonjezowa, uwawerenge mokweza pamsonkhano wa m'mawa kuntchito kwanu, uwapachike pakhoma pamene aliyense aziwaona. Mawa ukapita kukatola nkhani, envelopu uisiye pa tebulo, funso lovuta ulifunse, ndipo ulembe zimene waona. Mayi wa ku Ntchisi uja watsegula wayilesi yake ndipo akudikira. Muuze zoona.